Mgwirizano wa zida wa 1999 ku South Africa: momwe makampani a zida za nkhondo adalowera m'ndale za boma

Pa 3 Disembala 1999 boma la South Africa lidasaina mgwirizano wogula zida za nkhondo kuchokera ku makampani a ku Ulaya pa mtengo wa pafupifupi R30 biliyoni, ndalama zomwe pa nthawiyo zimafanana ndi madola a ku America pafupifupi 5 biliyoni. Boma la demokalase lidali lisadagulepo katundu wa ndalama zambiri chotere chilowereni m'boma mu 1994, ndipo lidagula pomwe dzikolo lidalibe mdani woliopseza ndi nkhondo.

Mgwirizanowu, womwe anthu ambiri amangoutcha Arms Deal, udachotsetsa paudindo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, udakulitsa kugawikana m'chipani cholamula cha ANC komanso udafooketsa nyumba ya malamulo ndi nthambi zofufuza milandu. Nkhaniyi ndi yofunika kumayiko onse a m'chigawo cha SADC chifukwa ikuonetsa poyera chinthu chomwe kawirikawiri chimabisika: kampani ya zida siyenda yokha pokatsatsa malonda. Imayenda ndi boma la kwawo, mabanki a kwawo ndi anthu apakati olandira makomishoni.

Chiyambi chake

Pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho, bungwe la United Nations lidaletsa mayiko kugulitsa zida ku South Africa. Chiletsochi chidayamba mu 1963 ngati pempho chabe, ndipo mu 1977 chidakhala lamulo lomanga mayiko onse. Boma la azungu lidayankha pokulitsa kampani yake ya Armscor, yomwe imapanga zida zina m'dziko momwemo ndi kugula zina mobisa kudzera mwa anthu apakati ndi maakaunti achinsinsi kunja. Chiletso chidachotsedwa mu Meyi 1994, koma chizolowezi chochita malonda a zida mwachinsinsi chidatsala.

Ndi zoona kuti zida zambiri za asilikali a pamadzi ndi a mumlengalenga zidali zitakalamba. Mu 1995 asilikali a pamadzi adafuna kugula sitima za nkhondo ku Spain, koma ganizolo lidaimitsidwa anthu atadandaula kuti dziko likusowa nyumba, madzi ndi zipatala. Chikalata cha mfundo za chitetezo cha 1996 chidavomereza kuti padalibe chiopsezo cha nkhondo kuchokera kunja, ndipo chidati adani enieni a anthu a m'dzikolo ndi umphawi, ulova ndi umbanda. Ngakhale zidali choncho, kuunika kwa zofunika za asilikali komwe nyumba ya malamulo idavomereza mu 1998 kudatsegula khomo logulira zida zatsopano. Aphungu adavomereza chithunzithunzi cha gulu la nkhondo lomwe dziko limafuna, koma sadapatsidwe mpata wovomereza mtengo weniweni kapena ngongole yake.

Zomwe zidagulidwa zidali sitima za nkhondo zinayi za mtundu wa MEKO ndi sitima zitatu zoyenda pansi pa madzi kuchokera ku magulu a makampani a ku Germany, mahelikopita 30 a Agusta ochokera ku Italy, ndege 24 zophunzitsira asilikali za mtundu wa Hawk kuchokera ku kampani ya BAE ya ku Britain, ndi ndege za nkhondo 28 za mtundu wa Gripen zopangidwa ndi Saab ya ku Sweden mogwirizana ndi BAE. Chiwerengero cha ma Gripen chidatsitsidwa pambuyo pake kufika pa 26. Kampani ya ku France ya Thomson-CSF, yomwe tsopano ndi Thales, idapata gawo loika zipangizo zomenyera nkhondo m'sitima zinayi zija.

Atsogoleri a mayiko ngati otsatsa malonda

Nkhondo ya mawu pakati pa America ndi Soviet Union itatha, mayiko a ku Ulaya adachepetsa ndalama zogulira zida, ndipo makampani awo adayamba kusakasaka misika yatsopano. South Africa idali msika wokoma: dziko lolemekezeka, la ndalama, lomwe lidangotuluka kumene m'chiletso.

Maboma a ku Ulaya sadaonerere chabe. Nduna yaikulu ya Britain a Tony Blair adakacheza ku South Africa mu Januwale 1999, zokambirana za mgwirizanowu zili mkati. Nduna yaikulu ya Sweden a Göran Persson adafika mu Novembala chaka chomwecho ndi gulu lalikulu la anthu a malonda ndi a chikhalidwe, kutangotsala masiku ochepa kuti mapepala asainidwe. Sweden idali ndi mbiri yabwino kwa ANC chifukwa cha thandizo lomwe idapereka pa nthawi yolimbana ndi tsankho, ndipo ubale umenewu udathandiza kugulitsa Gripen. Dziko la South Africa lidali loyamba kunja kwa Sweden kusaina pangano logula ndegeyi.

Ku Britain kudali nthambi yapadera mkati mwa unduna wa zachitetezo, yotchedwa DESO, yomwe ntchito yake idali kuthandiza makampani a zida kupeza ogula kunja. Antchito ake amalipidwa ndi msonkho wa anthu, koma mkulu wake amachokera ku makampani a zida omwewo. Ndalama zogulira zida nazo zidachokera kumayiko ogulitsa: banki ya Barclays idabwereketsa ndalama za ndege, boma la Britain likuikira kumbuyo ngongoleyo kudzera m'nthambi yake ya ECGD, pomwe Commerzbank idabwereketsa za sitima. Mwa njira iyi kampani imalandira ndalama zake mosakayika, ndipo chiopsezo chonse chimatsalira okhoma msonkho a mayiko awiri.

Malamulo a nthawiyo nawo amalekerera. Pangano la bungwe la OECD loletsa kupereka ziphuphu kwa akuluakulu a maboma akunja lidayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 1999, pomwe makampani opambana adali atalengezedwa kale mu Novembala 1998. Ku Germany, kufikira chaka cha 1999, kampani imatha kulemba chiphuphu chomwe yapereka kunja ngati ndalama yoyendetsera malonda ndi kuchotseredwa msonkho.

Momwe ndege ya Hawk idasankhidwira

Palibe gawo lomwe likuonetsa mphamvu ya ndale kuposa kusankhidwa kwa Hawk. Akatswiri a asilikali a mumlengalenga ataunika ndege zophunzitsira, adaika patsogolo ndege ya ku Italy ya Aermacchi MB-339, yomwe mtengo wake udali pafupifupi theka la mtengo wa Hawk. Nduna ya zachitetezo a Joe Modise adalamula mu 1998 kuti pakonzedwenso kuunika kwina kosawerengera mtengo. Mtengo utachotsedwa pa sikelo, Hawk idapeza mpata, ndipo komiti ya nduna yotsogozedwa ndi a Thabo Mbeki, omwe pa nthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, idaisankha. Boma lidati lidaganizira za ubale wa nthawi yaitali ndi makampani a ku Britain komanso phindu pa chuma.

Mlembi wamkulu mu unduna wa zachitetezo a Pierre Steyn adatula pansi udindo mu 1998, ndipo pambuyo pake adauza ofufuza kuti sadakhutire ndi momwe ndondomeko zimaphwanyidwira. A Modise atachoka m'boma mu 1999 adakhala wapampando wa kampani ya Conlog, yomwe idali pakati pa makampani oyembekezeka kupindula ndi malonjezo a BAE. Adamwalira mu Novembala 2001 asadayankhepo mlandu uliwonse.

Lonjezo la banyira

Boma silidagulitse mgwirizanowu kwa anthu ngati nkhani ya chitetezo, koma ngati nkhani ya chitukuko. Makampani adalonjeza kuti pa R30 biliyoni yomwe dziko lipereke, iwo abweretsa malonda ndi mafakitale a ndalama zoposa R100 biliyoni ndi ntchito 65,000. Malonjezo otere amatchedwa offsets, ndipo amafanana ndi banyira wa pamsika, kungoti apa banyirayo amaposa katatu katundu wogulidwa. Wamalonda aliyense akadafunsa kuti wogulitsa wotere apindula bwanji.

Yankho lidali m'kawerengedwe. Kampani ikaika ndalama pang'ono m'fakitale ina, imapatsidwa mapointi ochuluka kangapo kuposa ndalamayo, ndipo nthawi zina imawerengeredwa malonda onse a fakitaleyo ngati kuti ndi iyo idawabweretsa. Fakitale yaikulu ya zitsulo yomwe kampani ya Ferrostaal idalonjeza kumanga ku Coega, pafupi ndi mzinda womwe pa nthawiyo umatchedwa Port Elizabeth, sidamangidwe, ngakhale lonjezoli ndi lomwe lidathandiza kuti gulu la ku Germany lipambane pa sitima zoyenda pansi pa madzi. Tsatanetsatane wa malonjezowa adabisidwa kwa aphungu ponena kuti ndi chinsinsi cha malonda.

Mtengo nawo sudakhale pa R30 biliyoni. Akatswiri a boma lomwelo adachenjeza nduna mu Ogasiti 1999 kuti ngongoleyo ili m'ndalama zakunja ndipo ikhoza kukula ngati rand itagwa. Rand idagwadi, kuchoka pa pafupifupi R6 pa dola mu 1999 kufika kupitirira R13 mu Disembala 2001. Pofika 2001 boma lidali likutchula kale ndalama zoposa R43 biliyoni, chiwongoladzanja chisadawerengedwe chonse.

Otsutsa mgwirizanowu, kuphatikizapo atsogoleri a mpingo wa Anglican, akhala akukumbutsa kuti m'zaka zomwezo boma limanena kuti mankhwala otalikitsa moyo a anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV ndi okwera mtengo kwambiri. Kuchedwa kwa mankhwalawo kudadza makamaka chifukwa cha maganizo a a Mbeki okayikira sayansi ya Edzi, osati chifukwa cha zida. Komabe boma lomwe limalira kusowa ndalama za mankhwala lidapeza ndalama za sitima zoyenda pansi pa madzi. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Harvard wa 2008 adayerekeza kuti anthu oposa 330,000 adamwalira pakati pa 2000 ndi 2005 chifukwa cha kuchedwako.

Nyumba ya malamulo igonja

Mu Sepitembala 1999 phungu wa chipani cha PAC mayi Patricia de Lille adatulutsa m'nyumba ya malamulo chikalata chonena kuti akuluakulu ena a ANC adalandira ziphuphu. Chaka chotsatira mkulu wolondoloza chuma cha boma a Shauket Fakie adapeza zolakwika pa kasankhidwe ka makampani, ndipo komiti ya aphungu yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, SCOPA, idapempha kafukufuku wozama. Komitiyi, yomwe wapampando wake adali a Gavin Woods a chipani cha IFP, idagwirizana yonse posayang'ana zipani, ndipo idafuna kuti nthambi yofufuza ya jaji Willem Heath ikhale nawo. Nthambi imeneyi idali ndi mphamvu yopempha khothi kuti lithetse mapangano opezedwa mwakatangale.

Mu Januwale 2001 a Mbeki, omwe tsopano adali mtsogoleri wa dziko, adakana kulowetsa nthambi ya a Heath, potchula chigamulo cha khothi loona za malamulo oyendetsera dziko chonena kuti jaji sayenera kutsogolera nthambi yotere. Mwezi womwewo a Andrew Feinstein, omwe amatsogolera aphungu a ANC m'komitiyo, adachotsedwa pa udindowo. Adatula pansi uphungu mu Ogasiti 2001, ndipo a Woods adasiya upampando mu Febuluwale 2002. Komiti yomwe kale imagwira ntchito mogwirizana idayamba kuvota motsatira zipani.

Lipoti la nthambi zitatu za boma lomwe lidatuluka mu Novembala 2001 lidapeza zolakwika mwa anthu ena koma lidati boma lenilenilo lidalibe mlandu. Mwa olakwa lidatchula a Chippy Shaik, mkulu wogula zida mu unduna wa zachitetezo, omwe sadadzipatule mokwanira pa zokambirana zokhudza kampani yomwe mchimwene wawo a Schabir Shaik adali ndi masheya. Patapita zaka zingapo, mwini kampani ina ya m'dzikolo yomwe idaluza pa mpikisanowo, a Richard Young, adapeza kudzera m'khothi zolemba zoyambirira za lipotilo, ndipo zidaoneka kuti mfundo zina zodzudzula kwambiri zidachotsedwa lisadaperekedwe kwa aphungu.

Milandu

Ndi anthu awiri okha odziwika omwe adalowa m'ndende. A Tony Yengeni, mkulu wosungitsa mwambo pakati pa aphungu a ANC yemwe adakhalapo wapampando wa komiti ya zachitetezo, adapezeka olakwa mu 2003 pa mlandu wachinyengo chifukwa chobisira nyumba ya malamulo kuti adagula galimoto ya Mercedes-Benz motsika mtengo kudzera ku kampani ina yopikisana nawo pa mgwirizanowu. Adagamulidwa zaka zinayi koma adakhala m'ndende miyezi yochepa, kuyambira Ogasiti 2006 mpaka Januwale 2007.

A Schabir Shaik, mlangizi wa zachuma wa a Jacob Zuma, adagamulidwa zaka 15 mu Juni 2005. Jaji Hilary Squires adavomereza ngati umboni kalata ya pa fakisi yolembedwa ndi mkulu wa Thomson-CSF, yosonyeza pangano lopereka R500,000 pa chaka kwa a Zuma kuti aziteteza kampaniyo pa kafukufuku ndi kuithandiza pa malonda a mtsogolo. Kalatayi ndi yofunika chifukwa ikusonyeza kuti ndalama sizimangogula kontirakiti, koma zimagulanso chitetezo pambuyo pake. A Shaik adatulutsidwa mu Malichi 2009 pa chifukwa cha matenda.

A Mbeki adachotsa a Zuma pa udindo wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko pa 14 Juni 2005. Otsatira a Zuma adati mlanduwo ndi chiwembu cha ndale, ndipo adafunsa chifukwa chomwe ofufuza amalondola munthu mmodzi kusiya nduna zomwe zidasankha makampani. Mkangano umenewu udafika pachimake ku Polokwane mu Disembala 2007, pomwe a Zuma adagonjetsa a Mbeki pa utsogoleri wa ANC. A Mbeki adachotsedwa pa mpando wa dziko mu Sepitembala 2008, nthambi yofufuza milandu ikuluikulu ya Scorpions idathetsedwa mu 2009, ndipo milandu ya a Zuma idachotsedwa mu Epulo chaka chomwecho, kutangotsala masabata ochepa kuti chisankho chichitike. Makhothi adagamula pambuyo pake kuti kuchotsa milanduyo kudali kosayenera, ndipo idabwezeretsedwa mu 2018. A Zuma ndi kampani ya Thales adakana milandu yonse ku khothi la Pietermaritzburg mu Meyi 2021. Pofika kumapeto kwa 2024 mboni zidali zisadayambe kupereka umboni chifukwa cha madandaulo ndi maapilo otsatizana.

Kumayiko ogulitsa nako

Kufooka kwa nthambi zofufuza sikudachitike ku Africa kokha. Mu Disembala 2006 boma la a Blair lidaimitsa kafukufuku wa nthambi ya Serious Fraud Office pa malonda a BAE ku Saudi Arabia, otchedwa Al-Yamamah, ponena kuti akadaononga ubale ndi dzikolo pa nkhani za chitetezo. Khothi lalikulu ku London lidati mu Epulo 2008 kuimitsako kudali kosemphana ndi malamulo, koma khothi la apilo la House of Lords lidasintha chigamulocho mu Julaye chaka chomwecho.

Pa za South Africa, ofufuza a ku Britain adalemba m'zikalata za kukhothi kuti BAE idalipira makomishoni okwana mapaundi pafupifupi 115 miliyoni kwa anthu apakati, zambiri kudzera ku kampani yobisika yotchedwa Red Diamond. Mu 2011 Saab idavomereza kuti R24 miliyoni idadutsa mu akaunti ya kampani yake yaing'ono ya Sanip kupita kwa mlangizi wina wa ku South Africa, ndipo idati ndi BAE yomwe idachita izi. Koma palibe kampani yomwe idapezeka yolakwa ku Ulaya pa nkhani ya South Africa. Mu 2010 BAE idamvana ndi maboma a America ndi Britain. Ku America idalipira chindapusa cha madola 400 miliyoni pa mlandu wopereka uthenga wabodza ku boma, ndipo ku Britain idangovomera mlandu wosasunga bwino mabuku a ndalama pa malonda ena, a ku Tanzania.

Nkhani ya ku Tanzania ndi yaing'ono koma ikufanana kwambiri. Mu 2001 boma la Britain lidaloleza BAE kugulitsa makina a radar a mapaundi 28 miliyoni ku dziko lomwe lidali likukhululukiridwa ngongole pa nthawi yomweyo. Akatswiri a za maulendo a pandege ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse adati makinawo ndi a usilikali, okwera mtengo komanso osayenera zosowa za Tanzania. Nduna yoona za thandizo kumayiko osauka mayi Clare Short adatsutsa, koma a Blair adaikira kumbuyo malondawo pofuna kuteteza ntchito ku Britain. Madola pafupifupi 12 miliyoni adapita kwa munthu wapakati. Mu 2012 BAE idapereka mapaundi 29.5 miliyoni ku Tanzania, ndalama zomwe gawo lalikulu lidapita kukagula mabuku a m'sukulu za pulayimale.

South Africa ngati wogulitsa

Dziko la South Africa nalo limapanga ndi kugulitsa zida, kudzera ku kampani ya boma ya Denel, yomwe idapatuka ku Armscor mu 1992, ndi makampani ena omwe si a boma. Zida za Armscor zitapezeka pa ulendo wopita ku Yemen mu 1994, boma la a Nelson Mandela lidakhazikitsa mu 1995 komiti ya nduna yotchedwa NCACC kuti iziunika malonda aliwonse poganizira ufulu wa anthu m'dziko logula. Pa pepala ndondomekoyi ndi yolimba. Pochita, yakhala ikupindika.

Mu Epulo 2008, Zimbabwe ili pa mpungwepungwe wa chisankho cha pa 29 Malichi, sitima ya ku China yotchedwa An Yue Jiang idafika ku Durban itanyamula zipolopolo ndi mabomba opita ku gulu la nkhondo la Zimbabwe. Komiti ya NCACC idali itapereka kale chilolezo chodutsitsa katunduyo. Omwe adaimitsa zidazo adali ogwira ntchito padoko a bungwe la SATAWU, omwe adakana kutsitsa, komanso bishopu Rubin Phillip wa mpingo wa Anglican ndi anzake omwe adakamang'ala kukhothi. Mtsogoleri wa Zambia a Levy Mwanawasa, omwe adali wapampando wa SADC, adapempha mayiko a m'chigawochi kuti asalole zidazo kutsitsidwa m'madoko awo.

Mu 2019 malonda a zida opita ku Saudi Arabia ndi United Arab Emirates adaima chifukwa mayikowa adakana lamulo lolola akuluakulu a South Africa kukayendera zida zogulitsidwa kuti atsimikize kuti sizidapatsidwe kwa ena. Pa nthawiyo mayiko awiriwa adali pa nkhondo ku Yemen. Makampani a zida adadandaula kuti ntchito zikwizikwi zitha, ndipo mu 2020 boma lidafewetsa lamulolo kuti kuyenderako kuzichitika pokhapokha atamvana kudzera mwa akazembe.

Komiti ya Seriti

Munthu wina wopuma pa ntchito ya banki, a Terry Crawford-Browne, omwe adaimira mpingo wa Anglican pa zokambirana za chitetezo m'zaka za m'ma 1990, adakasuma ku khothi loona za malamulo oyendetsera dziko kuti likakamize boma kukhazikitsa komiti yofufuza. Chigamulo chisadaperekedwe, a Zuma, omwe adali mtsogoleri wa dziko, adalengeza komitiyo mu 2011 motsogozedwa ndi jaji Willie Seriti. Ena mwa maloya ndi ofufuza ake adasiya ntchito ili mkati akudandaula za kayendetsedwe kake, ndipo mboni zina zotsutsa, kuphatikizapo a Feinstein, zidakana kupitiriza nayo. Lipoti lake lidatuluka mu Epulo 2016 ndipo lidati padalibe umboni wa katangale. Mu Ogasiti 2019 khothi lalikulu la ku Pretoria lidataya zopeza za komitiyo, mabungwe a Corruption Watch ndi Right2Know atadandaula, ponena kuti idalephera kufufuza umboni womwe udali pamaso pake.

Zida zomwe zidagulidwa zagwirapo ntchito zina, monga kulondera mlengalenga pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010 ndi kuteteza nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar ku achifwamba a pamadzi. Koma ndalama zoziyendetsera zakhala zikuperewera. Mu 2013 nduna ya zachitetezo mayi Nosiviwe Mapisa-Nqakula adauza nyumba ya malamulo kuti ndege 12 mwa ma Gripen 26 zidaikidwa m'nyumba zosungiramo katundu chifukwa chosowa ndalama zoziulutsira, ndipo kumapeto kwa 2021 ndege zonsezo zidaima kwa miyezi yambiri chifukwa padalibe pangano lozikonzera.